Foni Yokana Kudzuka

"Ndati mundipatse foni yanga, bambo a Alinafe! Mukufuna ndichite kukugwadirani?"

A Magadalena adaima pakati pa bwalo khasu likadali paphewa, miyendo ili psuu ndi dothi la m'munda wa kachewere. Amuna awo, a Bartholomew, adali pakhonde akusoka thumba long'ambika, ndipo sadadzutse mutu.

"Tsitsani mawu, anthu akumva."

"Amve! Chiyambire Lamulungu ndafunafuna paliponse, mpaka kudzala ndinakafukula, inu muli duu ngati simukudziwa kanthu. Lero akazi a akatekisiti andiuza kuti anakuonani nayo ku Chimbiya. Ili kuti?"

A Bartholomew adapisa m'thumba la jekete, natulutsa foniyo n'kuiika pakhonde. Mayiwo adaponya khasu pansi, naitola n'kudina batani la m'mbali. Galasi lidawala n'kuonetsa dzina la kampani yopanga foniyo. Lidakhala choncho kanthawi, kenaka lidathima. Lidawalanso lokha, dzina lomwe lija, n'kuthimanso.

"Mwaichita chiyani?"

"Ndinapita nayo kwa Macdonald kuti aitsekule," adayankha a Bartholomew. Macdonald adali mwana wa mlongo wawo, ndipo ankakonza mafoni pabenchi m'mbali mwa msewu pa Chimbiya. "Mkazi wapanyumba amatsekeranji foni ndi nambala yachinsinsi? Ikangolira mumathawira nayo kuseri kwa khola. Ndinaiona ndi maso angawa nambala imene imakutumizirani mauthenga, ndi yakunja. Mukundiyesa mwana? Amuna a m'mudzi muno amene ali ku Joni sindikuwadziwa ine?"

A Magadalena adakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Ndi mwana wanu, bambo a Alinafe. Amene amandiyankhula pa nambala imeneyo ndi mwana wanu."

"Bodza! Alinafe alibe foni. Macdonald anandiuza kuti mabwana a ku maiko a Aluya salola wantchito wam'nyumba kukhala ndi foni, koma mwanayo ali bwino, akunenepa."

"Akunenepa? Mwezi woyamba uja atangofika, atadandaula kuti akumumenya, inu munatani? Si munathamangira kwa Macdonald yemweyo, amene anamupezera ntchitoyo? Iye anaimbira anzake ku Lilongwe, anzakewo anaimbira mabwana. Mukudziwa chimene chinatsatira? Anamulanda foni ndi pasipoti, n'kumutsekera m'bafa osadya. Tsopano amabwereka foni ya mtsikana wa nyumba yoyandikana, Amina wa ku Mangochi, akakumana kotaya zinyalala. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, chifukwa pakamwa panu ndi pakhomo pa Macdonald palibe mtunda."

Singano idagwa m'manja mwa a Bartholomew.

"Bwanji osandiuza mwakachetechete? Ine ndi bambo wake."

"Nanga inu bwanji osandifunsa? Safunsa anadya phula. Sabata yatha ananditumizira kamapu kosonyeza nyumba imene akukhala. Ku Lilongwe kuli amayi ena amene amathandiza atsikana otere kubwerera kwawo, anati ndipite nayo foniyi akaone kamapuko. Nambala ya Amina sindinailoweze pamtima. Zonse zili umu." Adaikweza foniyo, ikuyaka n'kuthima. "Umu, bambo a Alinafe."

M'mawa mwake adakwera minibasi onse awiri kupita kuboma, osayankhulana njira yonse. Anthu adawalozera kakhomo kena kuseri kwa sitolo ya nsalu, pafupi ndi podikirira mabasi. M'menemo adapezamo mtsikana wamkulu ndithu, wovala mpango wakuda kumutu, ali patebulo lodzaza mawaya ndi mafoni otsekulatsekula. Dzina lake lidali Raheema.

Adamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenaka adatenga foniyo, nadina mabatani awiri pamodzi n'kuwagwirizira. Adadikira. Foniyo idachita zake zomwe zija.

"Pamayenera kutuluka timawu tina apa, koma sitikutuluka," adatero. "Amayi, m'foni iliyonse muli kapulogalamu kakang'ono kamene kamayamba kudzuka mukadina batani. Timakatcha butuloda. Kakadzuka kamaona ngati zonse zili m'malo mwake, kenaka n'kudzutsa pulogalamu yaikulu imene inu mumagwiritsa ntchito. Apa kakudzuka, kakupeza zinthu zachilendo, n'kubwerera. Ndiye kuyaka n'kuthimaku. Amene anaigwira anaifulasha."

"Kufulasha si kuimba n'kudula?" adafunsa a Magadalena.

"Kumeneko n'kwina, amayi. Uku ndi kulembamo pulogalamu yatsopano kuchokera pa kompyuta. Ukalembamo yolakwika, kapena magetsi akathima uli pakati, foni imatere."

Adalumikiza foniyo ku laputopu ndi chingwe. Laputopuyo idalira kamodzi ngati yaizindikira, n'kuitayanso. Adasintha chingwe, nayesa bowo lina, zomwezo. Adatsekula kumbuyo kwa foniyo ndi kachitsulo kopyapyala, nachotsa waya wa batire, n'kuyesanso. Ulendo uno laputopu idaigwira. Raheema adawerama n'kuwerenga timanambala tolembedwa m'kati.

"Siinafe. Koma ndiyenera kupeza fayilo yakeyake. Mafoni awa kunja amafanana ngati mapasa, m'kati ndi osiyana. Fayiloyo ndi yaikulu, ndipo ndi magetsi athu othimathimawa ingatenge masiku. Pakadali pano tiyeni tiike layini yanu m'foni ina, mwina mwanayo akulemba."

Adabaya kabowo ka m'mbali ndi kasingano, katireyi koikamo layini n'kutuluka. Kadali kopanda kanthu.

"Layini ili kuti?"

A Magadalena adatembenuka n'kuyang'ana amuna awo.

"Ine sindinachotse," adatero a Bartholomew. "Ndinaipereka momwe inalili."

"Ndiye pitani kuofesi ya mafoni ndi chiphaso chanu cha unzika, akakupatsani ina ya nambala yomweyo."

"Inalembedwa m'dzina la Alinafe," adayankha mayiwo motsitsa. "Ndiye anaigula pamodzi ndi foniyo asananyamuke, kuti tizimvana."

Raheema adabwezera katireyi m'malo mwake. "Msuweni wanga nayenso anapita komweko chaka chatha," adatero. "Siyani foniyi. Abambo, inu kafunseni layiniyo kumene munaisiya."

A Bartholomew adapitadi ku Chimbiya. Adabwerako dzuwa litapendeka, chimanjamanja.

"Akuti inagwa pansi pa benchi, ana anasesa."

"Inu n'kuvomera?"

"Nanga ndikanatani? Ndimusechere m'matumba mwana wa mlongo wanga?"

Tsiku lomwelo a Magadalena adasiya kuwayankhula. Ankaphika, kuwaikira chakudya pamphasa, n'kukadyera kukhitchini. M'mawa ankalawirira kumunda okha. Lamulungu kutchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere, adatembenukira kwina.

Nkhaniyo idafika kwa a Yohana, mlongo wawo wa a Magadalena, mwini mbumba. Adabwera panjinga n'kuwapeza alamu awo akuwaza nkhuni.

"Alamu, ndamva zimene zachitika pano. Ine sindinabwerere za nsanje, ayi. Nsanje ndi nthenda ya tonse. Ndabwerera mwana."

"Alamu, mukuona ngati ine sizikundiwawa? Tulo sindikutiona. Koma Macdonald ndinamulera ndine bambo wake atamwalira. Sukulu yake inatuluka m'thukuta langa. Ndikamutengera kupolisi, mlongo wanga Elena ndikamuyang'ana ndi maso ati? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"N'zoona. Koma khoswe ameneyo akudya chiyani? Akudya mwana wanu. Paja pomwe ankanyamuka ine ndinanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, inu munati ndine wa kaduka. Zimenezo zinapita. Lero ndikuti, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati m'mimba mwanu simukupota, tiuzeni, tiyende tokha ife eni mbumba. Koma mukatero musadabwe mukapeza katundu wanu pamphambano."

A Bartholomew adakhala pachipika n'kugwira mutu, nkhwangwa ili pakati pa miyendo. A Yohana atapita, adakhalabe pomwepo mpaka mbuzi zidabwerako kubusa.

Sabata yachiwiri ili pakati, Raheema adaimba pa kafoni ka mabatani ka a Bartholomew kuti abwere onse awiri.

Adaipeza foni ili patebulo, yotsekedwa bwinobwino. Raheema adadina batani. Dzina la kampani lidaoneka, lidakhala, lidakhala, a Magadalena atagwira mpweya. Kenaka lidachoka, pagalasi n'kutuluka mawu a moni ndi mitundu yowala ngati ya foni yatsopano.

"Yadzuka!" adafuula mayiwo. "Ambuye Yesu! Kamapu kaja, mwana wanga, ndionetse kamapu kaja."

"Amayi, khalani pansi." Raheema adawakokera mpando. "Mulibe kanthu. Zithunzi, mauthenga, manambala, zonse zinapita isanafike kuno. Ndinayamba ndayang'ana ndisanalembemo kalikonse. Amene anaigwira anathyola loko wa butuloda mokakamiza, ndipo ukatero zonse za m'kati zimafufutika. Atatha apo analembamo fayilo ya foni ya mtundu wina. Kaya ndi umbuli kaya ndi dala, poyamba sindinadziwe."

"Poyamba?" adafunsa a Bartholomew.

"Abambo, pomupatsa foniyi munamuuza chiyani?"

"Ndinati akazi anga akulandira mauthenga ochokera kunja. Ndinamutchulira manambala oyambirira amene ndinaona pagalasi."

"Munkayesa ndi a ku Joni. Koma munthu wotumiza atsikana kunja manambala amenewo akuwadziwa ngati dzina lake." Adatenga foni yake n'kuwaonetsa. "Dzulo ndinasunga nambala ya amayi m'foni mwangamu. Onani apa. Watsapu ikusonyeza kuti mwini nambalayi analowapo lero m'mawa. Layini yosesedwa ndi ana silowa pa Watsapu. Pali munthu akuigwiritsa ntchito."

A Magadalena adalira mosatulutsa mawu, misozi ikugwera pagalasi la foni yopanda kanthu ija. A Bartholomew adaimirira.

"Mwana wanga, ukaimba nambala imeneyo, ilira kuti?"

"Ilira m'foni imene munthuyo anaikamo."

"Lachisanu ndi tsiku la msika pa Chimbiya. Ndikafika pabenchi yake ndikufulasha, kufulasha kwathu kuja koimba n'kudula. Iwe uimbe."

Lachisanulo anthu adali pikitipikiti. Zidebe za kachewere zidandanda m'mbali mwa msewu, milu ya kabichi ndi tomato, oitanira minibasi akukanganirana anthu opita ku Lilongwe. Macdonald adali pansi pa ambulera yake, malaya oyera opisira, wailesi ikuimba mokweza. Ataona amalume ake akubwera ndi akazi awo adaimirira n'kumwetulira.

"Amalume! Azakhali! Mwabwera kumsika?"

"Zimitsa wailesiyo, Macdonald. Ndikufunsa komaliza, ndipo ndikufunsa ngati munthu amene ndinakunyamula pamsana popita nawe kuchipatala uli ndi chikuku. Layini ya azakhali ako ili kuti?"

"Aa, amalume, nkhani yomweyi? Ndinati inasowa. Ndikugulirani ina, si vuto."

A Bartholomew adadina kafoni kawo m'thumba. Padapita kamphindi. Kenaka m'kabati ka pansi pa benchi mudayamba kulira foni.

"Yankha."

"Ndi ya kasitomala, amalume."

"Ndati yankha!"

Mawuwo adamveka mpaka tsidya lina la msewu. Amayi ogulitsa tomato adasiya malonda n'kusendera. Macdonald adafuna kutseka kabatiko ndi bondo, koma a Bartholomew adamukankha, natulutsa foniyo n'kuipereka kwa akazi awo. A Magadalena adayankha, onse akumva.

"Halo? Ndine Raheema. Ndaimba nambala ya amayi a Alinafe."

"Ndine, mwana wanga. Tayipeza."

Macdonald adayamba kuyankhula zambirimbiri, zoti ankangosunga, zoti ankafuna kuthandiza, koma a Magadalena sankamumva. Adali atatsekula kale mauthenga. Kuwerenga kunkawavuta, n'chifukwa chake iwo ndi mwana wawo ankatumizirana mawu ojambula okha. Koma apa adaona mizere yambiri yolembedwa, yochokera ku nambala yawo. Adadina uthenga wa mawu umene udali pansi pake.

"Amayi," adamveka mawu a Alinafe, otsika, othamanga, ngati a munthu wobisala. "Bwanji masiku ano mukungolemba osayankhula? Mwati ndisiye zothawa, ndipirire mpaka zaka ziwiri zikwane, ndisachititse manyazi banja. Amayi, dzanja langa linapsa ndi mafuta, sanandipititse kuchipatala. Ndipirire bwanji? Mwafunsanso dzina la mwini foniyi ndi nyumba imene amagwira. Paja ndinakuuzani kale. Amayi, ndinu ndithu?"

Mayi wina wogulitsa kabichi adagwira pakamwa. "Wanganso anapita kudzera mwa yemweyu," adanong'ona.

Padali uthenga wina womaliza, wa mawu achilendo. "Amayi a Alinafe, ndine Amina. Kunabwera anthu kudzafunsa za foni, ndinaibisa m'thumba la mpunga. Alinafe amusamutsira kwa mchimwene wa bwana wake. Nyumbayo ndikuidziwa, ndatumiza kamapu kena. Ngati ndinu mayi wake zoona, yankhulani ndi pakamwa."

Apo anthu adalusa. Anyamata oitanira minibasi adagwetsa ambulera, wina adatola mwala, wina adafuula za petulo. Macdonald adagwada n'kugwira miyendo ya amalume ake.

"Amalume, ndipulumutseni! Akuluakulu a ku Lilongwe anati mtsikana mmodzi akathawa andithana nazo. Ndinaopa, amalume!"

A Bartholomew adamuimika n'kumugwira lamba kumbuyo, thupi lawo atalitchingiriza pakati pa iye ndi anthu aja.

"Aliyense womugenda ayambe wagenda ine! Uyu ndi wanga, ndipo ndimupereka ndekha. Mukamupha, atiuza ndani kumene kuli ana athu?"

Adayenda naye choncho, atamugwira lamba, mpaka kukapolisi ka pamsika, gulu la amayi likutsatira pambuyo. Ali m'njira a Magadalena adaima pambali, naika foni pakamwa.

"Amina, ndine mayi wake wa Alinafe. Mvera mawu anga. Umuuze kuti zolembedwa zija sizinali zanga. Umuuze kuti tikubwera."

Elena adafika Loweruka m'mamawa, chitenje chili m'chiuno, osalonjera. Adaima pabwalo n'kumulalatira mlongo wake mudzi wonse ukumva: kuti wagulitsa magazi ake chifukwa cha mkazi, kuti ukamwini wamudyetsa mankhwala, kuti iye akadzamwalira mlongo wakeyo asadzaponde pamaliro. A Bartholomew adamvetsera ali chiimire, chipewa chili m'manja.

"Mlongo wanga," adatero a Bartholomew, Elena atatopa kulalata, "mwana wako ukudziwa kumene wagona, ndipo mawa ukhoza kukamuona ndi chakudya. Ine wanga sindikudziwa ngati wadya."

Elena adalavula pansi n'kumapita. A Bartholomew adalowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sadatulukenso.

Apolisi adasunga foni ya Macdonald ngati umboni, koma layini adaibweza, nawalola kukopera nambala ya Amina ndi kamapu kaja. Raheema adaiika m'foni yokonzedwa ija, nalumikizanso Watsapu, n'kuwaphunzitsa a Magadalena kusunga manambala papepala lapadera. Lolemba adapita ku Lilongwe ndi kamapu katsopano. Amayi othandiza atsikana aja adati achita zotheka, koma sadalonjeze tsiku.

Kudikira kudali kowawa. Mwezi wa Julaye udalowa ndi nkhungu yake, phiri la Dedza osaoneka mpaka masana. Amina adasiya kuyankha. A Magadalena ankayenda ndi foni m'chitenje pachifuwa ngakhale popita kumjigo. A Bartholomew adaonda. Ankadzuka kukadali chisisira kukakumba kachewere, ndipo ntchito imene kale ankagawana ndi akazi awo ankaimaliza okha. Mkaziyo adayambanso kuwayankha, koma mawu amodziamodzi.

Tsiku lina ali kumunda onse awiri, akulongedza kachewere m'matumba, foni idalira. A Magadalena adapukuta manja pachitenje mofulumira. Idali nambala yakunja, ina.

"Amayi?"

"Alinafe! Mwana wanga, uli kuti?"

"Ndili kunyumba yosungira atsikana othawa. Anabwera kudzanditenga dzana, pamodzi ndi apolisi a kuno. Tilipo ambiri, Amina nayenso ali pano. Akuti mapepala akatheka atikweza ndege. Dzanja andimanga."

A Magadalena adagwada pamzere, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, akutchula mayina a oyera mtima onse amene ankawakumbukira. A Bartholomew adaima patali pang'ono atagwira thumba, osasuntha.

"Amayi, zonse ndamva. Amayi a ku Lilongwe andifotokozera. Bambo ali pompo?"

Mayiwo adayang'ana amuna awo kanthawi. Kenaka adawakodola ndi dzanja. A Bartholomew adabwera pang'onopang'ono, nawerama pafupi ndi foniyo.

"Alinafe. Ndine." Adayesa kupitiriza. "Mwana wanga, ine ndi amene... ine ndinakutuma... ndiponso ine..."

Mbali inayo kunkangomveka mawu a atsikana ena chapatali. A Bartholomew adatseka maso, kudikira chilichonse chimene mwanayo akadanena.

"Bambo," adatero Alinafe pomaliza, "kumudziko kukuzizira?"

"Kukuzizira, mwanawe. Kwambiri. Zala zikuchita kuuma."

"Kuno kukutentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Ndimalota kuzizira kwa kwathu."

A Bartholomew adapukuta nkhope ndi mkono wa jekete, dothi n'kutsalira pamasaya.

"Bwera," adatero. "Kuziziraku udzakupeza kusanathe."